Mababu a 12V aja tsopano akuwala mofanana

Paja ndinafunsa chifukwa chake mababu a 12V (mavolti 12) a kumpanda kwathu kuno ku Salima ankawala mofooka chakumapeto, pomwe oyandikira thiransifoma, kachipangizo kotsitsa magetsi a m'nyumba kufika pa 12V, ankawala bwino. Zikomo akuluakulu amene munati ndiyang'ane waya. Vuto linali pomwepo.

Mababu asanu ndi atatu a mawati 6 amakoka mawati 48, omwe pa 12V ndi maampu 4. Mphamvu yotere ikamayenda mtunda wautali mu waya wowonda imathera m'njira, ndipo kutaya volti imodzi pa 12 kumaoneka ndi maso. Tinaika waya wonenepa wa 2.5mm², babu lililonse n'kulumikizidwa palokha ku mawaya awiri ochokera ku thiransifoma, kenako thiransifoma tinaisunthira pakati kuti mbali zonse zifupike. Babu lakugeti, lomwe linkangoti psuu, pano likuonetsa ndi loko yemwe.

Thiransifoma yathu ndi ya mawati 60, ndiye sindiwonjezeranso babu. Ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala, ndinaiika m'bokosi lokhala ndi mabowo, pamthunzi, posafika mvula.

Mbali ya 230V yochokera ku ESCOM sindinaigwire. Analumikiza ndi wamagetsi wa chiphaso, ataika fyuzi ndi waya wa efi, wolumikiza kunthaka woteteza kuti munthu asagwidwe ndi magetsi.