b6 ikundipatsa manambala achilendo, thandizeni

Wa pa Boma: Anzanga mwaswera bwanji, ndapanikizika kuno. Ndikukonza lipoti la imfa za ana osakwana zaka 5 muno mu Mangochi, ndinayamba ndi Human Mortality Database (HMD) koma Malawi mulibemo, ndiye ndatsitsa fayilo ya BR (ya ana obadwa) ya MDHS 2015-16, kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu m'Malawi, ku DHS Program, ndailowetsa mu pulogalamu ya R ndi package ya haven bwinobwino koma pa b6, polembedwa msinkhu womwe mwana anamwalira, pakutuluka 105, 211, 302, izizi ndi zaka kapena chani?

Madala a ku Monkey Bay: HMD ija isiyeni achimwene, amaikamo mayiko omwe pafupifupi imfa iliyonse imalowa m'kaundula, kwathu kuno ambiri amamwalirira kumudzi osalembedwa paliponse. Za b6 zo, nambala yoyambayo ndi muyeso, 1 masiku, 2 miyezi, 3 zaka. Ndiye 105 ndi khanda la masiku 5, 211 miyezi 11, 302 zaka 2.

Achemwali a ku Namwera: b7, msinkhu womwewo wa pomwalira, ili kale m'miyezi, ndiyosavuta. Koma b6 osaitaya chonde, b7 imangolemba 0 kaya mwana wapita tsiku lobadwa kaya wakhala masabata atatu, pomwe kwa anamwino athu kusiyana kumeneko nkwakukulu zedi, wa tsiku loyamba kawirikawiri ndi vuto la pobereka, ndiye mukaziphatikiza lipoti lanu siliwathandiza.

Wa pa Boma: Zamveka achemwali. Pano ndawerengera ana omwalira asanathe chaka dziko lonse, sizikufika pa 42 pa 1,000 ya mu lipoti la NSO (National Statistical Office).

Madala a ku Monkey Bay: v005 mwaigawa ndi 1,000,000 nkuiika ngati weight, yoonetsa kulemera kwa mayi aliyense m'kafukufukuyu? Komanso 42 yo ndi ya zaka 5 zokha kafukufuku asanachitike pomwe BR muli ana onse omwe mayi anabereka ngakhale akalekale. Kuti mupatule zakazo, b3 (mwezi wobadwa mwana) ndi v008 (mwezi womwe mayi anafunsidwa) zili mu CMC, miyezi kuwerenga kuyambira Januwale 1900. Musavutike pamanja, ikani package ya DHS.rates muthamangitse chmort yowerengera imfa za ana, imatsata njira ya a DHS yomweyo.

Achemwali a ku Namwera: Mukapatula Mangochi yokha imfa zake zichepa kwambiri, Period mu chmort ikhale miyezi 120 osati 60, ndipo confidence interval, malire omwe nambala yeniyeni ingagweremo, ilembeni pambali pomwepo, mabwana asakatenge nambala imodzi nkuyamba kuyerekeza ndi Machinga.

Wa pa Boma: Yatheka!! chmort yagwera pa 42 ya dziko lonse. Zikomo madala, zikomo achemwali, ya Mangochi ndiponya muno mawa kummawa muione kaye ndisanapereke.