Apongozi anga ayamba kuiwala, ndithandizeni

Amake Junior, Matero:
Abale ndithandizeni nzeru. Apongozi anga amaiwala kuti adya kale, kukayamba kuda amamanga katundu ati akupita kwawo ku Katete, dzulo tinawapeza kumsika atasochera. Ndimawasamala ndekha, usiku sindigona, ndatopa ine. Aneba ayambanso kunong'ona zaufiti.

Bambo Phiri:
Si ufiti mayi, ndi matenda a ubongo, dementia, ndipo ambiri amavutikadi madzulo. Pitani nawo kukiliniki akulembereni kalata ya ku chipatala chachikulu cha UTH kapena cha Chainama mu Lusaka. Mankhwala ochiziratu kulibe koma awayeze shuga ndi BP, ngakhale matenda a mkodzo amawonjezera kusokonezeka mwa okalamba.

Nasi wa ku Chawama:
Osalimbana nawo akati akupita kumudzi, ingonenani kuti tipita mawa amama imwani kaye tiyi, amakhazikika. Muwasokerenso nambala ya foni pa juzi yawo.

Amake Tina:
Koma ana awo ali kuti kodi? Zimandiwawa kuti zonse zimagwera mkamwana. Uzani amuna anu aitane abale, wina azibwera Loweruka inu mupumeko, akutali azitumiza ya mapampasi pa foni. Mukadwala inuyo awasamala ndani?

Amake Junior:
Zikomo nonse, ndilankhula ndi amuna anga lero lomwe akaweruka.