Thandizeni maganizo: mfuti yakale ya apongozi, tiipale dzimbiri kapena tiisiye?

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde ndibiseni dzina. Ndili pabanja kuno ku Germany, dera la Bayern. Apongozi anga aamuna anatisiya chaka chatha, ndiye pokonza m'nyumba mwawo tapeza mfuti yakale itakulungidwa m'bulangete pamwamba pa wadirobu. Bambo akunyumba akuti pa Chijeremani amaitcha Radschloss. Cham'mbali ili ndi kagudumu kachitsulo, ndipo m'thabwa lake anakhomamo tizidutswa toyera tojambulapo agalu ndi nswala. Yachita dzimbiri pang'ono. Wogula zinthu zakale wina wafika kale, akuti atipatse ma euro 800 pompopompo. Bambowa akufuna ayambe aipala ndi sandipepa kuti iwale, mtengo ukwere. Mtima wanga ukukana. Odziwa, titani?

Wa ku Mchinji: Kodi si gogodela ameneyo? Agogo anali naye, ankathira wonga kukamwa n'kusinja ndi kamtengo. Gulitsani mayi, 800 si masewera.

Mkulu wa ku Leeds: Mayi, choyamba alandeni sandipepayo bambowo. Ogula mfuti zoterezi amafuna chitsulo chokalamba momwe chilili. Mukachiwalitsa mwafufuta zizindikiro, mtengo wagwa. Achimwene a ku Mchinji, kuthira wonga kukamwa n'chimodzimodzi, koma kayatsidwe kake n'kosiyana. Iyi amapota kagudumuko ndi sipanala yake, katcheni kakang'ono kamakoka sipulingi yamphamvu m'katimo. Kenako amatsitsira pagudumupo kachitsulo koluma mwala wa pyrite. Ukakoka chowombera, gudumu limazungulira, limakhula mwalawo, moto n'kuthetheka m'wonga. Zinayamba cha m'ma 1500, ndipo amisiri ake otchuka anali a ku Nürnberg ndi Augsburg, konko kwanuko. Zinkaopsa anthu chifukwa munthu ankatha kuibisa m'chovala itatcheredwa kale, popanda chingwe chofuka utsi, moti mfumu Maximilian I inaziletsa cha m'ma 1517 ndi 1518. Musayese kupota gudumulo. Sipulingi ya zaka 400 ikathyoka mulira.

Wofunsa: Zikomo bambo. Sipanala yake sitinaione. Nanga tidziwa bwanji kuti ndi yeniyeni?

Mkulu wa ku Leeds: Kusowa kwa sipanala si nkhani, zambiri zinatayika kalekale. Walitsani tochi ya foni chopendekera pampope, pafupi ndi thabwa. Ya ku Nürnberg kawirikawiri imakhala ndi N kapena kachishango ka theka la chiwombankhanga, ya ku Augsburg kachipatso ka paini, ya ku Suhl malembo SVL. Koma chidindo chokha chisakusangalatseni. M'zaka za m'ma 1800 olemera ankalimbirana zida zakale zokongoletsera nyumba, ndiye amisiri ankatenga mpope weniweni, choyatsira cha mfuti ina, n'kusema thabwa latsopano. Ena ankatenga mfuti wamba ya msilikali n'kuikhomera zokongoletsa. Onani ngati chitsulo chakhala bwino m'thabwa popanda mipata, kapena ngati pali mabowo a zomangira amene anatsekedwa. Thako lake likakhala lalifupi musadabwe, zosakira za ku Germany ankazitsamiritsa patsaya, osati paphewa. Ndipo sipulingi ikakhala kunja, mfuti ili yowonda, mwina ndi Tschinke ya ku Teschen, yosakira mbalame.

Nesi wa ku Stuttgart: Chemwali, za malamulo musaope. Kuno mfuti zoyatsa ndi mwala zimene mtundu wake unapangidwa isanafike 1 Januwale 1871, munthu wa zaka 18 amasunga popanda chilolezo. Wonga ndiye umafuna pepala. Pamene pangavute ndi pa tizidutswa toyerato. Nthawi zambiri imakhala nyanga ya nswala kapena fupa, koma ikakhala minyanga ya njovu simungagulitse popanda satifiketi, malamulo a EU anakhwima mu 2022. Komanso musaiike kuchipinda chapansi kwa chinyezi, kapena pafupi ndi hita, thabwa limang'aluka zokongoletsa n'kumayoyoka.

Wa ku Mchinji: Ine ndaluza, koma chimodzi ndikuchidziwa. Gogodela amatha kukhala zaka ali ndi wonga ndi chipolopolo m'kati. Ana asaiseweretse, ndipo musailoze munthu.

Nesi wa ku Stuttgart: Zoona zimenezo. Wosula mfuti amayeza ndi ndodo n'kudziwa. Wa 800 uja adikire kaye. Jambulani zithunzi, mutumize ku nyumba ziwiri za okushoni ya zida zakale, pafupi ndi München iliko ina yotchedwa Hermann Historica. Mukapeza mpata kaoneni zenizeni kumalo osungirako zinthu zakale a Germanisches Nationalmuseum ku Nürnberg, maso azolowere.

Wofunsa: Ambuye akudalitseni nonse. Sandipepa ndabisa, bambo angoseka. Ndi tochi taona kachilembo ngati N, koma pafupi pake pali mabowo awiri otsekedwa ndi timitengo. Kuthako kuli kachitseko kotsetsereka, m'kati muli tinsanza touma. Tichotse kapena tisiye?

Mkulu wa ku Leeds: Siyani momwemo, ankakulungira zipolopolo. Mabowowo ajambuleni pafupi kwambiri, ndi amene katswiri ayambire kuona.