"Mtengo ugwera komwe udaweramira": tanthauzo lake n'chiyani?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeniko. Mwambi uwu umanena za chiyani kwenikweni? Ena akuti ndi wa imfa, ena akuti ndi wa khalidwe. Nanga mtengo wouma wodula nkhuni, nawonso umagwera komwe udaweramira?

A Phiri a ku Dedza:
Ndi wa khalidwe, mayi. Munthu amathera ku zimene adazolowera kalekale. Wakuba akagwidwa sitidabwa, adaweramira komweko.

Mwambiwu ndi wa anthu a nkhwangwa. Musanateme, mumaima patali n'kuona kumene thunthu lapendekera ndi kumene nthambi zachulukira. Bala loyamba mumatema mbali imeneyo, kulowa gawo limodzi mwa magawo atatu a thunthu, osapitirira. Kenaka mumazungulira kumbuyo n'kutema pamwamba pang'ono, zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pa bala loyamba lija. Pakati musiye mnofu wosatema. Umenewo ndiwo umaugwira mtengo kuti utsike bwinobwino kumene mwaulozetsa. Mukaudula wonse, tsinde limadumpha n'kukumenyani m'miyendo.

A Mbewe:
A Phiri anena bwino, koma wouma musaukhulupirire. Nthawi zambiri chiswe chimakhala chitadya mtima wake, ndiye mnofu uja palibe, umangothyoka phwaa mbali iliyonse. Yambani mwaugogoda ndi kumbuyo kwa nkhwangwa: ukalira ngati ng'oma, m'kati ndi mphako. Yang'ananinso ngati mukutuluka njuchi.

Choopsa kwambiri chili kumwamba. Nkhwangwa ikamenya pansi mtengo wonse umanjenjemera, nthambi zouma n'kuthothokera pamutu pa wotemayo. Zomwe zikulendewera zigwetseni kaye ndi nsungwi yaitali. Lambulani njira yothawira, kumbuyo koma cham'mbali, osati molunjika kumbuyo kwa tsinde. Ana ndi otola nkhuni atalikire kawiri kutalika kwa mtengowo. Tsiku la mphepo ya mwera ingousiyani.

Mayi Nangozo:
Ine ndionjeze za nkhuni zake. Wouma uli chiimire umayaka bwino kuposa wogona pansi, womwe umamwa chinyezi n'kumangofuka utsi. Tsanya ndi muwanga zimasiya makala okhalitsa, nyemba zimapsa osasonkhezera kawirikawiri, kungoti muwanga wouma umabunthitsa nkhwangwa, mwala wonolera ukhale pafupi. Bulugamu muwazeni msanga, akaumitsitsa amavuta.

Koma si wouma uliwonse uli wanu. Wa kumanda sutemedwa popanda mawu a mfumu, ndipo m'nkhalango za boma monga Dzalanyama mumafunika chilolezo cha a zankhalango. Chimene chimandipweteka mtima ndi aja amasenda khungwa kuzungulira tsinde la mtengo wamoyo, kuti chaka chamawa adzati "unauma wokha". Amenewo akupha nkhalango ife tikuona.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Za kugogoda zija ndikawauze anyamata asanapite ku mtondo wouma uli kumunda.