Holo yathu ndi nkhomaliro ya agogo pa Khirisimasi

Mlembi: Moni nonse, a kumudzi ndi a kunja. Ndalandira kalata yochokera kwa achinyamata a Sant'Egidio a ku parishi. Akupempha holo yathu pa 25 Disembala kuti adyetseremo agogo nkhomaliro ya Khirisimasi. Akutinso chaka chamawa azikumanamo ndi ana Loweruka lililonse masana, zija amati Sukulu ya Mtendere. Vuto mukulidziwa, mbali ya kumadzulo ilibe denga ndipo mvula yayamba. A wapampando ati tikambirane muno tisanawayankhe.

Wa ku Joni: Ine ndamva kuti azungu a ku Rome atumiza kale ndalama za denga. Zalowa mu akaunti ya ndani?

Mlembi: Palibe ndalama, achimwene. Apempha holo basi.

Wa ku Joni: Utsi sufuka popanda moto.

Aphunzitsi opuma: Mwana wanga wa ku Joni, khala pansi ndikuuze, chifukwa ukuyesa anthuwa ndi bungwe la magalimoto oyera lija limabwera ndi alawansi. Ayi. Gululi analiyambitsa Andrea Riccardi mu 1968 ali mnyamata wa ku sekondale, iye ndi anzake ankapita kukaphunzitsa ana a m'zisakasa kunja kwa Rome. Si ansembe, si masisitere, ndi akhristu eni ake ngati ine ndi iwe, amagwira ntchito zawo masana madzulo n'kukumana kupemphera. Dzinalo ndi la katchalitchi kena ku Trastevere, dera la mumzinda wa Rome, komwe amasonkhana. Nkhomaliro akupemphayi si yachilendonso, inayamba mu 1982 pomwe anaika matebulo m'tchalitchi cha Santa Maria in Trastevere n'kudya ndi osauka. Ana athu a ku parishiwa mpunga amasonkha okha. Ndawaona ndi maso angawa akumwetera udzu gogo uja wa kuseri kwa dambo, amene ena a inu munamutcha mfiti. Ndiye ndalama za ku Rome mukuzifunazo kulibe. Funso langa ndi lina: malata a mbali ya kumadzulo ali kuti?

Mayi a ku Leeds: Eeee, tayambanso.

Aphunzitsi opuma: Inde tayambanso, mayi, ndipo sitisiya. Tinasonkha za malata kawiri. Kachiwiriko ine ndinachotsa pa penshoni.

Msungichuma wakale: Bambo aphunzitsi, ndi ulemu wonse, nkhaniyi ndinaifotokoza pa msonkhano wa pansi pa mtengo wa mango inu mulipo. Ndalama zinagula simenti ndi mapulanka, kenako kwacha inagwa mu Novembala 2023, mtengo wa malata unakwera tisanagule. Zotsalazo komiti inagwirizana kuti zithandize pa maliro a kwa a mfumu.

Wa ku Joni: Komiti iti? Ine ndinali mu komiti, palibe anandiimbira.

Msungichuma wakale: Munali mutasintha nambala.

Wa ku Joni: Malisiti ali kuti?

Mkulu wa mpingo: Abale, ine nkhani ya malata ndiisiye kaye. Nkhawa yanga ndi iyi. Holoyi tinamanga tonse, a CCAP, a Katolika, Asilamu, a Seventh Day. Tikaipereka Loweruka lililonse kwa gulu la mpingo umodzi, mawa kwaya yathu ikadzapempha mudzati chiyani? Komanso ana athu azikaphunzitsidwa zotani kumeneko? Lero ndi masamu, mawa ndi kolona.

Mwana wa a Shehe: Bambo, apo mwalakwitsa pang'ono. Ine ndine Msilamu koma mayi anga aang'ono amalandira mankhwala a HIV ku kiliniki ya DREAM ku Balaka, ndi ya anthu omwewa a Sant'Egidio, palibe anawafunsapo kuti amapemphera kuti. Mwana wawo anabadwa wopanda kachilombo. Ngati ndi kolona, sanabwere nayo kunyumba.

Aphunzitsi opuma: Wanena bwino mwana wa a Shehe. DREAM inayambira ku Mozambique mu 2002, nthawi imene akuluakulu ambiri ankati ma ARV si a anthu a ku Africa, ati ndi okwera mtengo ndipo sitingathe kumwa pa nthawi yake. Iwo anati mankhwala amene akumwa wa ku Italy amwenso wa kuno, magazi ayezedwe chimodzimodzi. Kenako inafika kuno, ku Blantyre ndi ku Balaka kuli malo awo. Alinso ndi ntchito ina ya BRAVO yolembetsa ana kuti akhale ndi chiphaso cha kubadwa. Ndipo a mkulu wa mpingo, inu ndi ine ndife amsinkhu umodzi, mukukumbukira abale a ku Mozambique atadzaza ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mwanza, ku Nsanje, kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ine ndinkaphunzitsa chakumalire nthawi imeneyo, kalasi imodzi ana osakwana ndi pa mkeka pomwe. Nkhondo ija inathera kuti? Ku Rome, pa 4 Okutobala 1992, a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama atasaina. Anakambirana zaka ziwiri ndi miyezi m'nyumba ya Sant'Egidio, amkhalapakati ndi Riccardi yemweyo, bambo Matteo Zuppi amene pano ndi kadinala, bishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Mario Raffaelli wa boma la Italy. Mpaka lero tsikulo ndi la tchuthi ku Mozambique. Anthu anayanjanitsa a mfuti, ife tikukanika kuyanjana pa malata.

Mkulu wa mpingo: Zonsezo sindikukana. Koma a ku Rome ndi ena, ana a pa parishi pano ndi ena. Galasi likasweka alipira ndani?

Mayi a ku Leeds: Holo yake ili ndi magalasi?

Mkulu wa mpingo: Ndikunena mwachitsanzo, mayi.

Wa minibasi: Ine ndingofunsa. Agogo odzadyawo asankha ndani? Chifukwa pa chimanga chija cha pambuyo pa Freddy mayina analembedwa usiku, agogo anga anatsala, koma ena a nyumba za malata analandira matumba awiri.

Mlembi: Mayina a chimanga sindinalembe ine, achimwene, musandiyang'ane.

Wa minibasi: Sindinatchule munthu.

Mlembi: Koma tonse tamva.

Aphunzitsi opuma: Tabwererani kuno. A msungichuma, mwati kwacha inagwa. Chabwino, inagwadi, tonse tinalira. Koma chosonkha choyamba chija chinali kwacha isanagwe, chaka chathunthu ndalama zili m'manja mwanu. Nanga mapulanka munagulawo ali kuti, poti pamwamba pa khoma palibe? Ndikuuzeni nkhani ya mnyamata wina wa gulu lomweli la Sant'Egidio, Floribert Bwana Chui wa ku Goma ku Congo. Ankagwira ntchito yoyang'anira katundu wolowa pa malire. Anakana kuloleza mpunga wowonongeka kuti ulowe, anamunyengerera ndi ndalama, anakana, anamuopseza, anakanabe. Mu Julayi 2007 anamugwira n'kumupha ali ndi zaka 26. Mu Juni 2025 Mpingo unamulengeza kuti ndi Wodala. Zaka 26, abale! Ife a imvi tikulephera kusunga mapulanka.

Msungichuma wakale: Ndiye mukunditcha wakuba pamaso pa ana anga? Ana anga ali pa gulu lino. Mapulanka ali kwa a kalipentala, pitani mukaone. Ena anadyedwa ndi chiswe chifukwa inu nomwe munaletsa kuti tisakhome mpaka ripoti lituluke.

Aphunzitsi opuma: Sindinatchule mawu oti wakuba. Ndati ripoti. Ripotilo latha zaka zingati?

Mayi a ku Leeds: Bambo aphunzitsi, mwalemba kwambiri, ena tili pa shifiti ya usiku, foni ikungolira. Ine ndinene zanga mwachidule. Kuno ndimasamala nkhalamba za eni ake tsiku ndi tsiku, zanga kumudzi zikudya zokha pa Khirisimasi, zimandiwawa. Ndipereka lona lalikulu lophimba mbali yopanda dengayo, ndi nkhuku khumi. Koma ndalama sinditumiza ku akaunti ya gulu. Nditumiza kwa mchemwali wanga agule yekha.

Wa ku Joni: Mwaona? Mpaka a ku Leeds sakuikhulupirira akauntiyo.

Msungichuma watsopano: Chonde musandiphatikize. Ine ndinalandira buku lopanda masamba atatu, ndinanena tsiku lomwelo.

Msungichuma wakale: Masamba amenewo ananyowa ndi mvula.

Wa minibasi: Chifukwa holo ilibe denga kikiki

Mkulu wa mpingo: Si zoseketsa izi. Ine ndikuti pa 25 Disembala adye, sindingaletse nkhalamba kudya. Koma za Loweruka lililonsezo zidikire msonkhano waukulu, ndipo a mfumu adziwe, malo aja anapereka ndi iwo.

Mwana wa a Shehe: A mfumu ake ati? Poti nkhani ija sinathe.

Mlembi: Chonde za ufumu ayi, tinagwirizana kuti muno ayi.

Aphunzitsi opuma: Msonkhano waukulu womaliza tinabwera anthu asanu ndi awiri, atatu anachoka nsima itatha. Mukadikira umenewo ana aja adzakhala atakwatira. Apatseni makiyi. Ndipo a msungichuma wakale, Lachisanu ndikupita kwa a kalipentala ndi tepi yanga, ndikawerenga mapulankawo limodzi limodzi. Amene akufuna anditsate.

Msungichuma wakale: Pitani. Mukafunsenso za njerwa zija munabwereka pomanga khitchini yanu.

Aphunzitsi opuma: Njerwa zija ndinabweza!

Wa ku Joni: Malisiti.

Mlembi: Abale, nanga achinyamata aja ndiwayankhe chiyani? Akufuna yankho Lamlungu ikatha Misa yachiwiri.

Wapampando: Pepani nonse, bandulo inandithera, ndangolowa kumene. Nkhani yake ndi yotani?