Kodi timu ya Chapecoense inali yotani ngozi ya ndege ya 2016 isanachitike?

Nabanda:
Akuluakulu amene mumatsatira mpira wa ku Brazil, ndithandizeni. Dzina la Chapecoense ndinayamba kulimva mu November 2016, pamene ndege imene inanyamula timuyi inagwa ku Colombia, ndipo kuyambira nthawi imeneyo aliyense akaitchula amangokamba za maliro basi. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa anthu amene anamwalirawo anali ndi ntchito imene anagwira asanakwere ndegeyo. Kodi timuyi inachokera kuti, nanga inatani kuti ifike mu ndime yomaliza ya Copa Sudamericana, mpikisano wa matimu a ku South America?

Mbewe wa ku Zomba:
Mayi Nabanda, mwafunsa bwino. Associação Chapecoense de Futebol inakhazikitsidwa pa 10 May 1973 mu mzinda wa Chapecó, kumadzulo kwa chigawo cha Santa Catarina, makilomita oposa 500 kuchokera ku Florianópolis, likulu la chigawocho. Chuma cha mzindawu chimadalira mafakitale okonza nyama ya nkhumba ndi nkhuku, ndipo mpira wa m'chigawomo unali m'manja mwa matimu a kum'mawa monga Avaí ndi Figueirense. Ngakhale zinali choncho, mu 1977, itangotha zaka zinayi, Chapecoense inagonjetsa Avaí ndi kutenga chikho cha chigawo. Inachitenganso mu 1996, 2007, 2011 ndi 2016.

Muyenera kudziwa kuti ku Brazil zikho za m'zigawo n'zosiyana ndi ligi ya dziko lonse, ndipo timu ikhoza kukhala yolemekezeka kwawo koma yosadziwika kwina konse. Umu ndi mmene Chapecoense inakhalira kwa zaka zambiri. Zinthu zinasintha mu 2009, pamene inalowa mu Série D, gawo lachinayi la ligi ya dziko, n'kukwera chaka chomwecho. Inakhala zaka zitatu mu Série C, kenako mu 2013 inathera pa nambala yachiwiri mu Série B, kumbuyo kwa Palmeiras, ndipo Bruno Rangel yekha anamwetsa zigoli 31. Pofika 2014 inali mu Série A, kusewera ndi Flamengo ndi Corinthians. Kwa ine, kukwera kumeneku ndiye mbiri yeniyeni ya timuyi, chifukwa inalibe ndalama zogulira akatswiri otchuka. Imene inali nayo inali atsogoleri osamala chuma ndiponso anthu a mumzinda amene ankaiona ngati yawoyawo.

Chisale:
Ndiwonjezerepo pa za 2016, popeza ena amaganiza kuti chikho cha Copa Sudamericana anangopatsidwa chifukwa cha chisoni. Motsogozedwa ndi mphunzitsi Caio Júnior, anatulutsa Independiente ya ku Argentina pa mapenate, ndipo goloboyi wawo Danilo anagwira mapenate anayi usiku umenewo. Anatulutsanso Junior ya ku Barranquilla. Mu semifainolo, ndi San Lorenzo analepherana 1-1 ku Buenos Aires ndi 0-0 ku Chapecó, n'kudutsa chifukwa cha chigoli chimene anamwetsa koyenda, ndipo m'mphindi yomaliza Danilo yemweyo anatchinga ndi phazi mpira umene ukanawatulutsa. Bwalo lawo la Arena Condá linali laling'ono kwambiri moti masewero achibwereza a ndime yomaliza anakonzedwa kuti akachitikire ku Curitiba.

Ndege ya kampani ya LaMia, imene inkawapititsa ku masewero oyamba a ndime yomaliza, inagwa pa 28 November pafupi ndi Medellín mafuta atatha. Mwa anthu 77, anamwalira 71, kuphatikizapo osewera 19 (pakati pawo Danilo ndi Bruno Rangel), Caio Júnior ndi pulezidenti wa timu Sandro Pallaoro. Osewera amene anapulumuka anali Alan Ruschel, Neto ndi Jakson Follmann. Atlético Nacional ya ku Medellín, imene inayenera kusewera nawo mu ndime yomaliza, ndiyo inapempha kuti chikho chiperekedwe kwa Chapecoense, ndipo CONMEBOL, bungwe loyendetsa mpira ku South America, linavomera.

Tembo wa ku Chipata:
Ife a ku Zambia nkhaniyi sitiiwerenga ngati ya alendo, pakuti mu April 1993 tinataya timu yathu ya dziko ndege yawo itagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville, ndipo tikudziwa kuti kumanga timu yatsopano pamene mabanja akadali kulira si chinthu chapafupi. N'chifukwa chake ndimalemekeza zimene Chapecoense inachita mu 2017. Matimu ena anapereka ganizo loti isatsitsidwe mu Série A kwa zaka zitatu, koma atsogoleri ake sanafune chifundo chotero. Anasonkhanitsa osewera, ambiri a iwo obwereka, anatenganso chikho cha Santa Catarina, ndipo mu ligi anathera pa nambala 8.

Koma Bambo Mbewe, tisabise kuti pambuyo pake zinthu zinavuta. Timuyi inatsika mu 2019, inakweranso itapambana Série B ya 2020, ndipo mu 2021 inatsikanso itapambana masewero amodzi okha mwa 38, ili ndi ngongole zochuluka.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse. Za kukwera kuchoka mu Série D sindinkazidziwa n'komwe, ndipo usiku uno ndifunafuna pa YouTube masewero aja a San Lorenzo kuti ndione ndi maso anga phazi la Danilo.