Thandizeni abale, mayi anga sakuyenda ndipo sindikudziwa kolowera

Membala wosatchula dzina
Abale ndithandizeni, mutu wanga waima. Mayi anga anawatulutsa m'chipatala masabata atatu apitawo, mwendo ndi mkono wakumanja sizikugwira ntchito. Ndikuwasamala ndekha. Achimwene anga amangoimba foni kufunsa kuti adzuka bwanji, ndikayamba kunena zofunika foni ija imaduka. Alamu anga anabwera kamodzi, anakhala mphindi 10, n'kunena kuti m'chipindamo mukununkha. Ine ndimachapa zofunda kawiri patsiku, manja anga anasupuka ndi sopo, wina n'kumadzandiuza za fungo. Kuntchito andichenjeza kale chifukwa chochedwa. Usiku ndimagona pansi pafupi ndi bedi lawo, akangotsokomola ndadzuka. Ndimamva kuti pali anthu oyendera odwala m'makomo, komanso kuti ena amapatsidwa njinga ya olumala. Zimenezi zimapezeka kuti? Ndiyambire pati? Chonde musandinyoze.

Nabanda
Pepani achemwali. Koma muli dera liti? Nanga adokotala anati akudwala chiyani? Popanda zimenezi tikulozerani kolakwika.

Bambo a Tiyamike
Musataye nthawi ndi maofesi! Ine bambo anga atadwala ndinayenda maulendo asanu ku ofesi ina kukapempha njinga yomweyo. Lero abwana kulibe, mawa mafomu atha. Mpaka bambo anamwalira njinga osaiona. Amene akukuuzani zamaofesi sanadwazikepo.

Namwino Wopuma
Mwana wanga, mmene mwafotokozeramu zikuoneka ngati sitiroko, koma wotsimikiza ndi amene anawaona. Chofulumira: muziwatembenuza maola awiri alionse, ndipo muziyang'ana m'chiuno, pansi pa msana ndi zidendene. Pakafiira kapena kuda osabwerera, ndiye chilonda chikuyamba. Podya akhale tsonga, chifukwa chakudya chikalowera kumapapo chimabweretsa chibayo. Mkono wofookawo musamaukoke powadzutsa, phewa limaguluka.

Bambo a Tiyamike
Mayi, munthu akufunsa za njinga inu mukumupatsa ntchito ina. Maola awiri alionse, iye agona nthawi yanji? Anamwino mumalankhula ngati aliyense ali ndi antchito panyumba.

Namwino Wopuma
Bambo, ndatsuka zilonda zoonekera fupa chifukwa cha kusatembenuzaku. N'chifukwa chake akufunika womulandira, osati kusiya.

Mayi a Mapasa
Vuto apa ndi alamuwo. Anga anandichita zomwezo apongozi atadwala, pamaliro n'kumalira kuposa tonse. Achemwali, musawatsegulirenso chitseko.

Jekete Yofiira
Alamuwo apatseni sopo ndi beseni, fungolo athane nalo okha.

Nangozo
Ana amasiku ano kusamala kholo masabata atatu okha mwayamba kale kudandaula pagulu. Mayiwo anakuchapirani matewera zaka zingati?

Nabanda
A Nangozo, munthu wapempha kuti musamunyoze. Kutopa si mlandu.

Membala wosatchula dzina
Zikomo nonse. A Nangozo, sindikudandaula za mayi anga, ndikudandaula kuti tinabadwa anayi koma ndili ndekha. Ngakhale dzulo alamu anga alemba pa Facebook kuti akupempherera apongozi awo, chonsecho sanabweretse ngakhale sopo.

Nabanda
Tamva achemwali, koma dera lija?

Bambo a Tiyamike
Dera lililonse n'chimodzimodzi! Ndanena kale, popanda wodziwana naye simupeza kanthu. Itanani abale nonse, musonkherane, mugule njingayo nokha. Ine ndinazindikira mochedwa.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu
Ife agogo atadwala tinayambira pachipatala chaching'ono chapafupi. Tinafunsa mlangizi wa zaumoyo woyang'anira dera lathu, iyeyo ndi amene amadziwa magulu oyendera odwala m'makomo. Anatilembera kalata yopita nayo kwa a mafizo, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo zofooka, ndipo a mafizowo ndi amene anayeza agogo n'kunena njinga yowakwana. Funsaninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndi kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu. Amayi a kumpingo ankabwera kawiri pamlungu, ine n'kupeza mpata wogona.

Bambo a Tiyamike
Munali ndi mwayi basi. Ofesi yomweyo ndi imene inandizunza ine.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu
Pepani ndi zomwe munakumana nazo bambo, koma musatseke njira ya mnzanu.

Namwino Wopuma
Za mafizo musachedwe nazo. Pa sitiroko mphamvu zambiri zimabwerera m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, ndiye masabata amene akudutsawa ndi amtengo wapatali. Mankhwala a BP ngati anawapatsa asadukize, ndipo ikamafika 140/90 kapena kupitirira auzeni achipatala. Tsegulani buku lawo la kuchipatala, tsamba lomaliza, muone ngati sanalembe tsiku lobwerera.

Membala wosatchula dzina
Mayi, ndaona. Analemba tsiku, linali Lachiwiri lapitali. Ine ndimayesa ndi tsiku lomaliza mankhwala. Tsiku lotuluka lija amene analankhula ndi adokotala ndi achimwene anga, sanandiuze chilichonse. Ndikunjenjemera.

Bambo a Tiyamike
Mwaona? Akakukalipirani ndithu. Ine anandibweza pakhomo chifukwa chochedwa tsiku limodzi.

Namwino Wopuma
Akakukalipirani kapena ayi, pitani mawa m'mawa ndi bukulo ndi mapaketi onse a mankhwala, ngakhale otha. Mukanene kuti muli nokha ndipo mukufuna mafizo ndi anthu oyendera kunyumba. Usiku uno muwayang'ane zidendene.

Nabanda
Ndipo achemwali, mutiuze dera. Mwina wina pagulu pano ali pafupi nanu, angakuthandizeni kuwanyamula mawa.